Kuzindikira Amayfly a m'Mitsinje Yathu: Misinkhu Yao Inai ndi Zizindikiro za Mabanja Ao

Mau Oyamba

Munthu akatola mwala mu mtsinje wa madzi oyera, pamalo pamene madzi athamanga, nautembenuza, kawirikawiri amaona tinthu tating'ono tikuthawira ku mbali ya mthunzi. Tina timayenda cam'mbali ngati nkhanu, titaphwatalala pamwalapo. Tina timadzipindapinda ngati tinsomba tovuulidwa. Ambiri a ife tinationa tikali ana, pokasamba kapena pokawedza, ndipo tinaponyanso mwalawo m'madzi osafunsa kanthu. Tambiri mwa tizirombo timeneti ndi ana a kacirombo kamene m'Cingerezi amakacha mayfly, kamene akatswiri amakaika m'gulu la Ephemeroptera.

Colinga cathu m'nkhani ino ndi kufotokoza m'Cinyanja misinkhu imene kacirombo aka kamapyola pa moyo wake, ndi zizindikiro zimene munthu angasiyanitsire nazo banja lina ndi linzake. Mfundo imene tiimapo ndi iyi: ngakhale kuti maina amene kanapatsidwa anacokera pa moyo wake wa mumlengalenga, umene uli wa maola owerengeka cabe, wofuna kukadziwa bwino ayenera kuyambira pansi pa mwala, pamene kamakhala pafupifupi masiku ake onse.

Za Maina

Dzina lakuti Ephemeroptera linalumikizidwa kucokera ku mau awiri a Cigiriki: ephemeros, cinthu ca tsiku limodzi, ndi pteron, phiko. Aristotle analemba za kanyama kamapiko ka ku mtsinje wa Hypanis, kamene kamauluka tsiku limodzi nkufa dzuwa polowa. Iye anati kali ndi miyendo inai, cikhalireco kali nayo isanu ndi umodzi. Dzina la Cingerezi nalonso liri ndi cilema cake. Linabadwira ku Britain, kumene mtundu waukulu wochedwa Ephemera danica umatuluka m'madzi cakumapeto kwa mwezi wa Meyi ndi kuciyambi kwa Juni. Kuno kwathu Meyi ndi mwezi wokolola, pamene mphepo yozizira iyamba, ndipo tizirombo timeneti sitilabadira mwezi umenewo. M'maiko otentha mitundu yambiri imatuluka pa nyengo zosiyanasiyana, ina pafupifupi caka conse. Komabe tidzaligwiritsa nchito dzinali, popeza ndilo limene mphunzitsi adzakumana nalo m'mabuku, ndipo tidzaliika m'gulu la maina monga tombolombo ndi nankafumbwe: mayfly mmodzi, amayfly ambiri.

Mau akuti mtundu asenza katundu wolemera m'cinenero cathu, motero tiyenera kuwapepukitsa. Tidzati gulu ponena za Ephemeroptera onse. Banja ponena za maina othera ndi -idae. Fuko ponena za dzina loyamba mwa maina awiri a Cilatini. Ndipo mtundu ponena za maina awiriwo ali pamodzi. Mwacitsanzo, Povilla adusta ndi mtundu wa m'fuko la Povilla, m'banja la Polymitarcyidae. Padziko lonse mitundu yodziwika iposa 3,000, m'mabanja pafupifupi 40.

Pali tizirombo tiwiri timene anthu amatisokoneza ndi amayfly pa nyali usiku. Koyamba ndi inswa. Koma inswa zimatuluka m'culu, ziri ndi mapiko anai ofanana msinkhu, ogona pamsana, amene amathothoka msanga. Mayfly amatuluka m'madzi, amaimika mapiko ake cilili pamwamba pa thupi, sangathe kuwagoneka, ndipo kumbuyo kwake kuli micira yaitali yonga ulusi. Kaciwiri ndi nkhungu za ku nyanja ya Malawi, zimene zimafuka pamadzi ngati utsi ndipo anthu a m'mbali mwa nyanja amaziumba nkuzidya. David Livingstone anaziona mu 1861. Mu 1879 katswiri wa ku England, A. E. Eaton, anacha kamayfly kena ka ku nyanjayo dzina lakuti Caenis kungu, ndipo kucokera pamenepo mabuku ena amalemba ngati kuti nkhungu ndi amayfly. Zoona zake nzakuti nkhungu zambiri ndi Chaoborus edulis, wacibale wa udzudzu, wa mapiko awiri ndiponso wopanda micira. Apa tiona mau athu atalowa m'Cilatini ca akatswiri, ngakhale anakatera pa mwana wa eni ake.

Misinkhu Inai

Moyo wa mayfly uli ndi misinkhu inai: dzira, mwana wa m'madzi, wamapiko woyamba, ndi wamkulu wokhwima. Za dzira sitinenapo zambiri. Wamkazi amaikira mazira mazana kapena zikwi, malinga ndi mtundu wake. Ena amagunditsa mimba pamwamba pa madzi namataya mazira pang'onopang'ono. Ena amawagwetsa onse nthawi imodzi. Pamene akazi a m'fuko la Baetis amatsika ndi mwala kulowa pansi pa madzi, nakamata mazira ao pamwalapo. Mazira a mitundu yambiri ali ndi tiulusi kapena zomata zowagwiriza, kuti madzi asawakokolole.

Msinkhu waciwiri ndiwo wautali. Mabuku a Cingerezi amaucha nymph, ndipo mau oyamba kufika m'mutu mwa womasulira ndi mphutsi. Ife tiona kuti mau amenewa angasoceretse wophunzira. Mphutsi iribe miyendo, siifanana mpang'ono pomwe ndi nchenche imene idzatulukemo, ndipo iyenera kuyamba yauma niigona m'cikwa isanapeze mapiko. Mwana wa mayfly sali wotero. Iye akula monga akulira mwana wa ciwala: ali ndi miyendo isanu ndi umodzi, maso ndi tinyanga kuyambira ali wamng'ono, mapiko ake amamera pang'onopang'ono m'timatumba tooneka pamsana, ndipo msinkhu wogona m'cikwa alibe. Ncifukwa cake tasankha mau wamba akuti mwana, amene sanamiza munthu.

Thupi lake liri ndi zigawo zitatu: mutu, cifuwa pamene pali miyendo, ndi mimba, imene iri ndi timagawo khumi totsatizana ngati mphindi za nzimbe. M'mbali mwa mimbayo muli timasamba topumira, timene timatenga mpweya wa okosijeni wosungunuka m'madzi. Timakhala tiwiritiwiri pa kagawo kalikonse, pa timagawo tosaposa tisanu ndi tiwiri. Popeza khungu lake ndi lolimba ndipo silikula, mwanayo amafundula monga icitira njoka, ndipo amatero kambiri: mitundu ina kakhumi, ina kufikira ka 50. Ambiri amadya ndere zimene amapala pamiyala, ndi masamba oola. Ocepa, monga a m'fuko la Centroptiloides la kuno ku Africa, amagwira tizirombo tinzao. Kutalika kwa msinkhu uwu kumadalira kwambiri kutentha kwa madzi. M'madzi ofunda mitundu ina ing'onoing'ono imakhwima m'milungu yowerengeka, pamene Palingenia longicauda wa mu mtsinje wa Tisza ku Hungary amakhala zaka 3 m'dongo la m'gombe, kukonzekera kuuluka madzulo amodzi a mwezi wa Juni. Cizindikiro cakuti mwana ali pafupi kutuluka ncosavuta: timatumba ta mapiko tija timada bii.

Pa msinkhu wacitatu ndi pamene mayfly asiyana ndi tizirombo tina tonse ta padziko. Gulugufe, njuci, inswa kapena tombolombo, akangotuluka ndi mapiko, safundulanso. Mayfly yekha ndiye amauluka kaye, kenaka nkuvula khungu lonse, ndi la mapiko lomwe. Mwana wokhwima amayandama kapena kukwera pa mwala, khungu ling'ambika pamsana, ndipo mutuluka wamapiko woyamba, amene akatswiri amamucha subimago. Mapiko ake ndi otuwa, osapenyeka mkati, okutidwa ndi tiubweya tosaoneka ndi maso, ndipo m'mphepete mwake muli mphonje ya tiubweya tina. Tiubweya timeneti timakana madzi, kotero kuti kacirombo kofewa cotere kamatha kucoka pamadzi osamatirira. Amauluka molemera, nakabisala pansi pa tsamba la mtengo kapena pa bango, kudikira kufundula kotsiriza. Kudikirako ndi kwa tsiku limodzi kapena awiri kwa mitundu yambiri, koma a m'fuko la Caenis amafundula patangopita mphindi zocepa, pena pa malaya a munthu amene waima pafupi ndi madzi.

Wamkulu wokhwima, imago, ali ndi mapiko oyera mbee ngati galasi, thupi lonyezimira, miyendo ndi micira yaitali kuposa kale. Kuyambira pamene anacoka m'madzi sadya, popeza pakamwa pake panafota, ndipo m'matumbo mwake muli mpweya wokhawokha. Nchito imene yamtsalira ndi imodzi. Amuna amasonkhana pamwamba pa madzi, makamaka madzulo kapena mbandakuca, akukwera ndi kutsika pamalo amodzi, ndipo wamkazi akalowa m'khamumo mmodzi amamgwira kucokera pansi. Thupi la wamwamuna linapangikira zomwezo: maso akulu, amene m'banja la Baetidae ali ndi cigawo capamwamba cotukuka ngati kanduwira, miyendo yakutsogolo yaitali kwambiri, imene amaitambasulira kutsogolo ngati tinyanga (mwina ndico cinanyenga Aristotle powerenga), ndi tizingowe tiwiri kumapeto kwa mimba. Ambiri amakhala maola ocepa kapena masiku awiri. Wamkazi wa Dolania americana wa ku United States sakwanitsa ngakhale mphindi 5. Tionjezere kuti lamulo la misinkhu inai liri ndi opatuka ake: akazi a mafuko ena, monga Ephoron ndi Prosopistoma, amakwerana ndi kuikira mazira akali pa msinkhu wacitatu, ndipo amafa osafundulanso.

Kusiyanitsa Mwana wa Mayfly ndi Anansi Ake

Tibwerere ku mwala wathu. Pansi pake sipakhala amayfly okha, ndipo langizo lofala lakuti werengani micira, ikakhala itatu ndi mayfly, lanamiza ophunzira ambiri. Nzoona kuti ana ambiri ali ndi micira itatu, koma mafuko ena, monga Dicercomyzon, ali nayo iwiri cabe, ndiponso mcira umaduka msanga pogwira. Komanso mwana wa tombolombo wamng'ono wowonda uja ali ndi tinthu titatu kumbuyo kwake, timene sitiri micira koma masamba opumira. Iye amadziwika ndi cibwano cake copindika pansi pa mutu, cimene amaciponya kutsogolo pogwira cakudya.

Funso loyamba likhale lakuti: timasamba topumira tiri pati? Tikakhala m'mbali kapena pamwamba pa mimba, nkhani yayamba bwino. Laciwiri: kuphazi kuli zikhadabo zingati? Mwana wa mayfly ali ndi cimodzi pa phazi lirilonse. Mwana wa Neoperla, wa m'gulu lina lochedwa Plecoptera, amene amakhala naye pa mwala womwewo ndipo amafanana naye maonekedwe, ali ndi zikhadabo ziwiri, micira iwiri, ndi tinthenga topumira m'khwapa mwa miyendo. Micira iwerengedwe pomaliza. Zonsezi zimaoneka ndi galasi la m'manja lokulitsa zinthu kakhumi, kacirombo kali m'beseni loyera lokhala ndi madzi pang'ono. Kali moyo kamaphunzitsa zambiri kuposa kali m'botolo, cifukwa kayendedwe kake nakonso ndi cizindikiro.

Mabanja Amene Tingakumane Nao

Maumbidwe a mwana amatsata malo amene amakhala, kotero kuti munthu wozolowera amayamba kuganizira banja asanatulutse galasi m'thumba.

Banja lofala koposa ndi Baetidae. Ana ake ndi owonda, ozungulira ngati mpunga, a tinyanga tatitali, ndipo m'beseni amasambira mothamanga, nkuima, nkuthamanganso, ngati matemba aang'ono. Timasamba tao ndi tobulungira, topanda mphonje. Amapezeka paliponse, m'madzi othamanga ndi m'maiwe momwe. A m'fuko la Cloeon amakonda madzi odikha a m'zomera, ndipo timasamba tao tambiri ndi topindika pawiri. Akuluakulu a banjali ali ndi micira iwiri, mapiko akumbuyo aang'ono kwambiri, kapena alibiretu.

Aja oyenda cam'mbali ndi a banja la Heptageniidae, limene kuno kum'mwera kwa Africa limadziwika kwambiri ndi fuko la Afronurus. Mutu wao ndi waukulu, wophwatalala ngati khasu, maso ali pamwamba pake, ndipo miyendo ndi yotambalala. Madzi amangowapitirira pamsana. Sasambira bwino, ndipo m'beseni amakakamira pansi kapena pa mnzao. Oyandikana nao maonekedwe ndi a Leptophlebiidae, amene amakonda pansi pa miyala ndi m'masamba owunjikana, koma iwowa timasamba tao ndi tamphanda kapena togawika nsonga, ndipo timagwedezeka kosalekeza.

M'matope ndi m'mbali mwa madzi odikha muli a Caenidae, aang'ono, aulesi poyenda, okutidwa ndi dothi kotero kuti munthu amawaona pokhapokha atayamba kukwawa. Cizindikiro cao sicisokonezeka: timasamba ta pa kagawo kaciwiri ka mimba tinasanduka zivundikiro ziwiri za ngodya zinai, zokumana pakati pa msana, zimene zimateteza timasamba tina ku matope. A Tricorythidae ndi ojincha, a miyendo yamphamvu, okwawa pa miyala ndi pa mitengo yogwera m'madzi. A Oligoneuriidae, monga fuko la Elassoneuria, amakhala m'madzi aliwiro, ndipo miyendo yao yakutsogolo iri ndi mizere ya ubweya wautali umene amautambasula poyang'anana ndi madzi, nasefa nao cakudya cimene mtsinje wawabweretsera.

Mabanja awiri otsala afuna kuti tikhalepo pang'ono. Loyamba ndi Prosopistomatidae. Mwana wake ndi wamng'ono kuposa njere ya mphodza, ndipo cifuwa cake cinakula nkukhala cigoba cobisa miyendo ndi timasamba tonse, ngati ca kamba. Timicira take tatifupi amatha kutibweza mkati. Mafunso athu atatu aja sagwira nchito pa iye kufikira munthu atamgadamika. Pamene Geoffroy anamfotokoza koyamba ku France mu 1762, anamuika pamodzi ndi abale a nkhanu, ndipo panapita zaka zoposa 100 akatswiri asanavomereze kuti ndi mwana wa mayfly. Mu 1954 M. T. Gillies, amene anagwira nchito zaka zambiri ku Tanganyika, anafotokoza misinkhu yamapiko ya fukoli pamodzi ndi mitundu ina ya ku Africa. Ngati akatswiri anasocera zaka zana pa kacirombo kamodzi, wophunzira wa sukulu akalakwitsa tisamkalipire.

Laciwiri ndi Polymitarcyidae, banja la okumba. Ana ake ndi otumbuluka, ofewa, ali ndi minyanga iwiri yotuluka ku nsagwada, ndipo timasamba tao tonga nthenga timakhala topindikira pamsana, tikukupiza madzi kuti ayende m'una. Wodziwika kwambiri ndi Povilla adusta. Iye amaboola mitengo yomira ndi mapesi a zomera za m'madzi, nayala una wake ndi ulusi umene amaupota yekha. Damu la Kariba litatsekedwa cakumapeto kwa 1958, madzi anamiza nkhalango zazikulu, ndipo mitengo youma ija inasanduka mudzi wa Povilla. Zofananazo zinacitika ku nyanja ya Volta ku Ghana. Ku nyanja ya Victoria, R. Hartland-Rowe anaonetsa m'zaka za m'ma 1950 kuti mtundu uwu umatuluka motsata mwezi wa kumwamba, makamaka pa usiku waciwiri mwezi utakhala wathunthu. Kwa kacirombo kamene moyo wake wamapiko sufika mbandakuca, kutuluka onse usiku umodzi ndiyo njira yopezerana, ndiponso yokhutitsira nsomba ndi mileme ena napulumuka. Okumba ena ndi a banja la Ephemeridae, a m'matope ndi mumcenga, amene minyanga yao imapindikira m'mwamba.

Kucoka pa Banja Kufika pa Mtundu

Tiyenera kunena mosabisa kuti galasi la m'manja limafikitsa munthu pa banja, pena pa fuko, koma osati pa mtundu. Wonena dzina la mtundu atangoyang'ana m'beseni akungolota. Pa ana, mitundu imasiyana pa tinthu tooneka ndi maikulosikopu pokha: maumbidwe a milomo ndi nsagwada, timano ta pa cikhadabo, ndi ubweya wa pa miyendo. Ndiponso mwana wosakhwima sakhala ndi zizindikiro zonse, motero wofufuza amasankha aja a timatumba takuda. Pa amapiko, wodalirika ndi wamwamuna wokhwima, cifukwa tizingowe take ndi ziwalo zake zoberekera zimasiyana mtundu ndi mtundu. Mitsempha ya m'mapiko imathandiza pa banja ndi fuko. Wamkazi ndi wamapiko woyamba sanena zambiri. Amene wagwira wa mapiko otuwa angacite bwino kumsunga m'kabokosi ka pepala, pamthunzi, kufikira atafundula.

Vuto lalikulu linacokera m'mbiri ya maphunzirowa. Akatswiri oyamba, monga Eaton m'buku lake lalikulu la 1883 mpaka 1888, anacha maina makamaka poyang'ana amapiko, popeza ndiwo anali kutumizidwa ku Ulaya ndi apaulendo. Amene anadza pambuyo nayamba kuvuula miyala anapeza ana, ndipo kunali kovuta kudziwa kuti mwana uyu ngwa yani. Njira yakale yolumikizira awiriwa, imene ikali yabwino, ndi kulera: mwana wokhwima amaikidwa yekha m'kacitini ka sefa koviika mu mtsinje, ndipo akatuluka, khungu limene wasiya limasungidwa m'botolo limodzi ndi wamkuluyo. Khungulo limasunga zizindikiro zonse za mwana. Kuyambira mu 2003, pamene njira yozindikira mitundu poyerekeza kacigawo ka DNA inafala, kulumikizaku kumathekanso popanda kulera, koma DNA imangonena kuti awiriwa ndi amodzi. Dzina limafunabe munthu amene anafotokoza mtunduwo poyamba.

Maina naonso asintha, ndipo mphunzitsi wokhala ndi buku lakale acenjere. Mu 1932 K. H. Barnard analemba za amayfly a ku South Africa, ndipo kwa zaka zambiri mitundu ya ku Africa inali kuikidwa m'mafuko a ku Ulaya. Mu 1990 Gillies anacotsa mitundu yambiri ya kuno m'fuko la Centroptilum naiika m'fuko latsopano la Afroptilum, ndipo m'zaka zotsatira C. R. Lugo-Ortiz ndi W. P. McCafferty anagawanso a Baetidae a ku Africa m'mafuko ena ambiri. Limodzi mwa iwo, Dabulamanzia, dzina lake linatengedwa ku Cizulu.

Cimene Mtsinje Unena Kudzera mwa Iwo

Wina angafunse kuti kutopa konseku nkwa ciani. Yankho liri m'timasamba topumira tija. Popeza tiri poyera ndipo ndi topyapyala, ciriconse cimene cilowa m'madzi cimatikhudza: matope amatitseka, zonyansa za m'mizinda zimatha okosijeni, ndipo asidi ndi zitsulo zosungunuka zimaononga kagwiridwe kake ka nchito. Botolo la madzi lopimidwa ku labotale limanena za ola limene linatungidwa. Mwana wa mayfly, amene wakhala pa mwala womwewo milungu kapena miyezi, amanena za nyengo yonseyo. Ku Lake Erie, ku North America, a m'fuko la Hexagenia anatha pafupifupi onse m'zaka za m'ma 1950 kaamba ka kucepa kwa okosijeni pansi pa nyanja, ndipo anabweranso m'zaka za m'ma 1990 madzi atayamba kuyera.

Mabanja sapirira mofanana, ndipo apa ndi pamene kuwasiyanitsa kupindula. M'njira ya ku South Africa yopimira mitsinje yochedwa SASS5, imene inafalitsidwa mu 2002, banja lirilonse limapatsidwa nambala yoyambira pa 1 kufika pa 15. Ikakula nambala, ndiye kuti banjalo silipirira madzi oipa. Caenidae ali ndi 6, Leptophlebiidae ndi Tricorythidae 9, Heptageniidae 13, pamene Oligoneuriidae ndi Prosopistomatidae ali ndi 15. A Baetidae amawerengedwa mwa njira yaoyao: mtundu umodzi wokha umapatsidwa 4, iwiri 6, koma yoposa iwiri 12. Tanthauzo lake nlakuti kungonena kuti mu mtsinje wakutiwakuti muli amayfly sikukwanira. Beseni lodzaza ndi mtundu umodzi wa Baetidae lingacokere m'madzi odwala, pamene kaProsopistoma kamodzi kanganene zabwino zambiri. Zambia iri ndi njira yakeyake yomangidwa pa maziko omwewo, yochedwa ZISS, imene Helen Dallas ndi anzake anaifalitsa mu 2018, ndipo palinso njira yofupikitsidwa ya ana a sukulu yochedwa miniSASS.

Zimenezi si za m'mabuku mokha. Pa 18 Febuluwale 2025 damu losungira zotsalira za mgodi linagumuka pafupi ndi Chambishi, ndipo madzi a asidi analowa mu mtsinje wa Mwambashi nakafika mu Kafue. Nsomba zinafa mtunda wautali, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Nsomba zakufa zimayandama ndipo aliyense amaziona. Zimene zafa pansi pa miyala zimadziwika ndi yekhayo amene anali ataziwerenga kale. Kafukufuku wa m'mitsinje ya kumigodi ku Colorado anaonetsa kuti a Heptageniidae ali m'gulu la oyamba kutha zitsulo zikaculuka m'madzi, pamene a Baetidae ndiwo amafulumira kubwerera, atatengedwa ndi madzi kucokera m'timitsinje tothira tosaonongeka. Wofuna kudziwa ngati mtsinje wacira ayenera kukhala ndi ndandanda ya mabanja amene analimo usanadwale.

Ndandanda yotere siifuna cuma cambiri. Njira ya SASS5 imagwiritsa nchito kaukonde ka masentimita 30 m'litali ndi m'lifupi, ka maso a milimita imodzi. Munthu amaima kumtunda kwa ukondewo napondaponda miyala ya m'madzi othamanga kwa mphindi 2, kenaka nkutenganso padera za m'zomera za m'gombe ndi za mumcenga ndi m'matope, popeza Afronurus wa pa mwala ndi Caenis wa m'matope sadzapezeka malo amodzi. Mtsinje wa mcenga monga Luangwa suyenera kuyerekezedwa ndi kamtsinje ka miyala ka m'mapiri. Uliwonse uyerekezedwe ndi mbiri yake ndi ya ina yofanana nao. Zofuna kusungidwa ziikidwe m'botolo la ethanol wa maperesenti 70 kapena 80, kapena 95 ngati zidzapimidwa DNA, ndipo m'botolo momwemo mulowe kapepala kolembedwa ndi pensulo, popeza inki imasungunuka: dzina la mtsinje monga alichulira eni dera, malo eni eni, tsiku, ndi ngati kacirombo kanatengedwa pa mwala, pa bango kapena m'matope. Nyengo yabwino yoyambira ndi pamene mvula yaleka ndipo madzi atsika nayera, koma malo omwewo abwerezedwe m'cilimwe, madzi atacepa ndi kufunda, pakuti mabanja ena amene anaoneka mu Meyi adzasowa mu Okutobala popanda wina kuthira kanthu mu mtsinjemo.